Kuyambitsa timu ya atsikana ya mpira wamiyendo kuno ku Kasungu, ndi kusewera ndi anzathu a ku Dzaleka

Amene munaphunzitsapo pasukulu ya pulayimale kuno ku Kasungu mukudziwa mmene bwalo limagawikira belu la buleki likangolira. Anyamata amathamangira kumagolo, atsikana amalowera kumapolo a ntchemberembaye, ndipo palibe amene anaima pa asembule n'kulamula kuti zizikhala choncho. Mtsikana wokonda kumenya chikulunga amamenyera kuseri kwa nyumba ndi alongo ake, koma akangotha msinkhu amasiya yekha, wina asanamuletse n'komwe.

Ndakhala ndi timu ya atsikana kwa zaka zingapo, ndipo zimene ndikulemba pano ndi zomwe ndikanakonda wina akanandiuza ndisanagule mpira woyamba. Kuitana atsikana sikuvuta. Ponyani mpira wachikopa pabwalo Lachitatu masana, bwalo lidzaza. Chovuta n'choti pakatha miyezi itatu mudzawapezebe. Ndipo ngati mukufuna kuti atsikana othawa kwawo a ku kampu ya Dzaleka, amene akupempha malo m'dziko muno, asewere nawo, pali nkhani ya malamulo ndi zikalata imene muyenera kuidziwa musanalonjeze mwana wa munthu chilichonse.

Choyamba, pitani kumakomo

Mtsikana sadzilamulira nthawi yake. Madzi akumudikira kumjigo, mphale ikudikira kuchigayo, kamwana ka achemwali ake kakufuna wokabereka kumsana. Choncho woyamba kumukopa si iyeyo ayi, ndi amayi ake. Musatumize kalata kudzera mwa mwana, imakathera kukulungira zitumbuwa. Pitani nokha chakumadzulo, mutengane ndi mayi mmodzi wa mother group ya pasukulu amene anthu amamudziwa, mukakhale pamkeka, mupereke moni wonse bwinobwino, kenako mufotokoze chimene mwadzera. Kwathu kuno mawu a atsibweni amalemera pa ana a mlongo wawo, ndiye funsani ngati mwini mbumba ali pafupi. Ndinatayapo wosewera wabwino kwambiri chifukwa bambo ndi mayi anavomera, koma atsibweni nkhaniyo anakaimvera kumowa, n'kukwiya kuti awadumpha.

Mafunso amakhala omwewo khomo lililonse. Agogo ena anandifunsa akutongola chimanga m'lichero, osandiyang'ana n'komwe:

"Aphunzitsi, mwana wamkazi azithamanga ndi kabudula amuna akuonerera? Nanga mpirawo ukam'menya pamimba, adzabereka ameneyu?"

Musaseke, komanso musayambe kulalikira za ufulu. Limenelo ndi funso la munthu amene akudera nkhawa mdzukulu wake. Ine ndinati, "Agogo, kuthamanga sikuletsa munthu kubereka. Inuyo munapalira minda zaka zonsezi, kusenza nkhuni ndi madzi, ana ndi awa. Za kabudulazo tikonza, ndipo mubwere mudzaone ndi maso anu." Anabweradi sabata yachiwiri, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo kuyambira pamenepo ndiwo ankatisungira ndowa ya madzi akumwa.

Tengani foni imene muli kanema wa Tabitha kapena Temwa Chawinga. Makolo ambiri mainawa anawamva pawailesi koma sanawaonepo eni akewo akuthamanga ndi mpira. Awiriwa ndi apachibale, kwawo ndi ku Rumphi. Tabitha wasewera ku Sweden, ku China, ku Inter Milan kumene anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya amayi ya Italy, kenako ku PSG ndi Lyon ku France. Temwa mu 2024 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America ali ku Kansas City Current. Mu 2023 ma Scorchers, timu ya amayi ya dziko lino, anabweretsa chikho cha COSAFA atagonjetsa Zambia 2-1 mu ndime yomaliza. Zimenezi zimatsegula makutu, koma musalonjeze kuti mwana wawo adzakwera ndege. Lonjezani zimene mungakwanitse mawa lomwe: azifika pakhomo dzuwa lisanalowe, pabwalo pazikhala mayi wamkulu nthawi zonse, ndipo wojomba kusukulu sasewera. Lomalizali ndi limene makolo amagwedezera mutu kwambiri.

Mukatha makomo kaonekereni kwa a mfumu. Sizitenga nthawi, koma mukadumpha mudzamva kuti bwalo lili ndi ntchito ina tsiku lomwe mwaitana alendo. Ndipo m'mudzi mukagwa maliro, mpira umaima osachita kufunsa.

Chachiwiri, pezani bwalo ndi nthawi, ndipo muzilembe

Bwalo lililonse lili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi anyamata. Mukangogwirizana pakamwa, tsiku lachitatu mudzapeza akusewera, n'kukuuzani kuti "atsala pang'ono kumaliza", mpaka mdima. Khalani pansi ndi ahedi, wapampando wa komiti ya sukulu ndi kaputeni wa anyamatawo, mulembe papepala masiku awiri pa sabata amene bwalo ndi la atsikana, aliyense asaine, pepala lina likamatidwe pakhomo la ofesi. Kaputeni uja mupatseni kaudindo, monga kujambula mizere kapena kuimbira mpira. Mnyamata amene wagwira wisilo sakuwiza.

Nthawi yabwino ndi kuyambira 3 koloko mpaka hafu 4. Mu June ndi July kumada msanga, 6 koloko isanakwane kunja kwachita kale mdima, ndipo mtsikana wokhala kutali ayenera kunyamuka kukadali kowala. Konzani kuti ochokera mbali imodzi aziyenda pagulu.

Kalendala ya kumunda ndiyo imalamulira zonse. December ndi January ana ali kopalira ndi kobandira. Fodya akakhwima kumakhala kuthyola, kusoka ndi kusankha, kufikira mabelo atapita ku Chinkhoma, ndipo m'mabanja a matenanti a m'maesiteti mtsikana sapuma. Yambitsani timu mu May, mvula itatha, kuti ikhale ndi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yozika mizu. Nyengo ya dzinja ikafika chepetsani kukhala tsiku limodzi pa sabata, koma musatseke. Timu imene yatseka mu December, mu April mumayambanso kumakomo kuja.

Simukufunika bwalo lonse. Theka lake, kusewera chopingasa, asanu ndi awiri mbali iliyonse, n'lokwanira, ndipo mwana aliyense amakhudza mpira kawirikawiri. Mizere jambulani ndi phulusa kapena laimu. Tsiku loyamba onse ayende mondondozana kutola minga, magalasi osweka ndi miyala, chifukwa ambiri ayamba opanda nsapato.

Chachitatu, zovala, ndi zina zimene makochi aamuna sazitchula

Apa ndi pamene matimu ambiri a atsikana amafera mwakachetechete. Mtsikana sadzakuuzani kuti wasiya chifukwa alibe kamisolo kogwira bwino pachifuwa, kapena kuti ali kumwezi ndipo kabudula wa timu ndi woyera. Adzangoti mutu ukupweteka, sabata yotsatira osabweranso.

Gulani makabudula akuda kapena abuluu wakuda, aatali pang'ono. Lolani aliyense kuvala taiti mkati, ndipo panjira azibwera atamanga chitenje, n'kuchimasula pabwalo. Zimenezi zokha zimayankha funso la agogo aja. Mtsikana wachisilamu amene amafunda kumutu asewere atafunda. Malamulo a mpira anavomereza chofunda kumutu kuyambira 2014, bola chisakhale ndi mapini kapena chokolera chimene chingavulaze. Makamisolo a masewera amapezeka pakaunjika ngati mwafufuza modekha, ndipo ntchito yokagula ndi kuyesa ipatseni mayi woyang'anira, osati kochi wamwamuna.

Timu ikhale ndi kachikwama kamene kamakhala ndi mayi ameneyo: mapadi angapo, kaya ogula kaya osoka ochapa aja amene ma mother group ambiri amasoka, sopo, chitenje chapadera ndi kabudula wina. Atsikana adziwe kuti kalipo ndipo kutengamo sikufuna kufotokoza. Pafupi pakhale chimbudzi chokhala ndi chitseko chotsekeka ndi madzi. Kusewera uli kumwezi sikuvulaza, ambiri amapeza kuti cham'mimba chimachepa akathamanga, koma amene wati lero sindikwanitsa musamukakamize. Akhale pambali, alembe zigoli.

Za nsapato lamulo langa ndi limodzi: pa masewera amodzi, onse avale kapena onse avule. Wa mabuti akaponda chala cha wopanda nsapato, mwataya wosewera komanso mwadana ndi banja lake. Pokonzekera, zotchinga miyendo mutha kudula ku mapatapata akale n'kulowetsa m'sokosi, koma pa mpikisano weniweni zimafunika zenizeni. Mpira wa saizi 4 ndi wa ana aang'ono, saizi 5 wa akuluakulu. Gulani pampu ndi singano yake tsiku lomwelo, apo ayi mudzakhala mukupempha kwa okonza njinga.

Chachinayi, ndani akhale pafupi ndi anawa

Kochi atha kukhala wamwamuna, palibe vuto, koma asakhale yekha. Mayi wamkulu akhalepo kuyambira poyamba mpaka mwana womaliza atanyamuka. Kochi asaitanire wosewera kunyumba kwake, asamutenge panjinga ali awiri, asasunge nambala ya foni ya mwana. Asunge ya makolo. Lembani zimenezi, muziwerenge pamaso pa makolo ndi atsikana, kuti aliyense adziwe chimene chili cholakwika chikachitika.

Chenjerani ndi "othandiza" amene amayamba ndi kugulira timu yonse mafiriziti, kenako n'kumagulira mtsikana mmodzi mayunitsi. Thandizo lililonse lidzere ku komiti ya timu, lilembedwe m'buku. Malamulo a dziko lino, chisinthireni mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo palibe ukwati kapena chibwenzi cha munthu wamkulu chimene mungachione n'kungoti ndi za pabanja. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana, ndipo kupolisi kuli Victim Support Unit, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Atsikana aziloweze ngati mmene amalowezera nambala za majezi awo.

Mtsikana amene anabereka n'kubwerera kusukulu mulandireni. Ena mwa osewera olimba mtima kwambiri amene ndakhala nawo ankabwera ndi khanda, anzawo a pabenchi n'kumalandirana.

Ngati pali mtsikana wamkulu kapena mphunzitsi wamkazi wachidwi, funsani a komiti ya mpira ya m'boma lino za maphunziro a ukochi ndi oimbira mpira amene FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, imachititsa. Timu imene kochi wake ndi mayi, makolo safunsa mafunso ambiri.

Chachisanu, zochita pabwalo mwezi woyamba

Anyamata amafika zaka 12 atamenya kale chikulunga zaka zisanu ndi ziwiri. Mtsikana wa zaka zomwezo mwina akuyamba kumene. Musamuimike pamzere wautali kudikira kumenya kamodzi. Adzachita manyazi, anyamata a m'mbali akuseka. Mipira ikachepa, kulungani zikulunga zambiri kuti awiri aliwonse akhale ndi wawo.

Ola limodzi ndi theka ndimaligawa chonchi. Mphindi 20 zoyamba ndi zotenthetsa thupi, ndipo apa musafulumire. Atsikana amavulala bondo, makamaka mtsempha wamkati mwa bondo, kawirikawiri kuposa anyamata, ndipo kuno munthu akaduka mtsempha umenewo mpira watha. Pali ndondomeko yotchedwa FIFA 11+ imene mungaipeze pa intaneti: kuthamanga pang'onopang'ono, kuima ndi mwendo umodzi, kulumpha ndi kutera. Chachikulu n'kuyang'ana potera. Mawondo apindike pang'ono, ayang'ane kutsogolo kumene zala zikuloza, asagwere mkati ngati akufuna kugundana. Imani patsogolo pa mwana aliyense, mumuone akutera katatu, mumukonze.

Kenako mphindi 25 awiriawiri: kupatsirana ndi mkati mwa phazi, kuimitsa, kuyenda ndi mpira, miyendo yonse iwiri. Nthawi yotsalayo asewere, atatu kwa atatu, kenako asanu ndi awiri kwa asanu ndi awiri. Musaimitse masewera pa cholakwa chilichonse. A ntchemberembaye musawaone ngati opikisana nawo. Amadziwa kale kuthawa wowatchinga ndi kufunafuna mpata, ndipo magoloboyi abwino amachokera kumeneko. Gwirizanani masiku ndi aphunzitsi a ntchemberembaye kuti mwana asachite kusankha.

Ambiri amabwera pabwalo chiwerukireni osadya. Mtedza wokazinga kapena mbatata yophika zimasintha masewera onse, makamaka mu October kukatentha. Amene amachita chizungulire kawirikawiri kapena kutopa msanga auzeni makolo apite naye kuchipatala akayezetse magazi.

Chachisanu ndi chimodzi, anzathu othawa kwawo

Apa ndichedwapo, chifukwa anthu a mtima wabwino amalakwitsapo kwambiri, ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo.

Kampu ya Dzaleka ili m'boma la Dowa, loyandikana nafe. Inatsegulidwa mu 1994 pamalo pamene nthawi ya Kamuzu panali ndende ya andale. Inakonzedwa kuti isunge anthu 10,000 kapena kupitirira pang'ono, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda, ena ochepa ku Somalia ndi Ethiopia. Wopempha malo ndi amene nkhani yake boma likuiunikabe. Wothawa kwawo wovomerezeka ndi amene anayankhidwa kale. Ena amadikira yankho zaka zambiri. Atsikana ambiri a msinkhu wa timu yanu anabadwira m'kampu momwemo, Chichewa amalankhula ngati inu, koma Umalawi alibe.

Dziko lathu limafuna kuti othawa kwawo azikhala m'kampu, ndipo wotuluka amafunika chilolezo. Mu 2023 boma linalamula kuti onse okhala m'matauni ndi m'misika abwerere ku Dzaleka, apolisi n'kuwasamutsa. Ambiri mukukumbukira magolosale amene anatsekedwa nthawi imeneyo. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti simungangouza mtsikana wa ku Dzaleka kuti akwere minibasi abwere ku Kasungu Loweruka. Akamugwira pa rodibuloko wopanda chikalata, wovutika ndi iye ndi banja lake, inu muli kunyumba.

Njira yosavuta ndi yoti inu mupite. Kuchokera kuno mudzera Madisi ndi Mponela, ndi ulendo wa tsiku limodzi kupita ndi kubwerera ngati mwalawirira. Musapite ngati okaphunzitsa anthu mpira. Mpira ku Dzaleka umaseweredwa kale, ndipo pali makochi ndi atsogoleri a achinyamata amene akugwira ntchito imeneyi m'kampumo. Yambani ndi kupeza mmodzi wa iwo, kudzera ku mpingo, kusukulu kapena ku bungwe limene likugwira ntchito ndi achinyamata kumeneko, mumufunse chimene atsikana ake akusowa ndi tsiku limene lingawakomere. Kenako lembani kalata ku ofesi ya woyang'anira kampu, imene ili pansi pa nthambi ya boma yoona za othawa kwawo: ndinu ndani, mukubwera angati, tsiku liti, kudzatani, ndipo wamkulu woyang'anira ana ndi ndani. Makolo a atsikana anu nawo asaine kuti alola ulendowo.

Kuwaitana kuno n'kotheka, koma yambani msanga. Ine ulendo woyamba ndinatumiza kalata kutatsala sabata imodzi, ndikuganiza kuti ndi nkhani yongodinda chidindo. Amayi anaphika mpunga miphika iwiri, a mfumu anavala jekete, mizere inajambulidwa ndi laimu wogula. Alendo sanabwere, chifukwa zikalata za ana onse zinali zisanatheke, ndipo vuto linali langa. Mpungawo tinadya tokha, atsikana anga atakhala chete. Tsopano ndimayamba kutatsala mwezi ndi theka. Kalata ikhale ndi maina onse a obwera monga alili pa zikalata zawo, galimoto imene iwatenge, kumene adye, ndi ola lobwerera. Wamkulu woyenda nawo anyamule chilolezocho papepala, osati pafoni pokha. Mtengo wa galimoto ndi wanu oitana. Musayembekeze kuti banja lodalira chithandizo cha chakudya lipeze ya thiransipoti.

Tsiku lenilenilo musachite "Kasungu kulimbana ndi Dzaleka" kuyambira m'mawa. Sakanizani matimu. Lembani manambala pa timapepala, aliyense atole, a nambala imodzi akhale timu imodzi. Akasewera choncho masewera awiri, n'kudya mbale imodzi, masana mutha kuchita ya timu ndi timu popanda oonerera kuyamba kutukwana. Oonererawo auzeni poyamba, kudzera mwa a mfumu, kuti mawu oti "Maburundi" pabwalo pano ayi. Anthu amawatchula osaganiza, koma mwana wa ku Congo kapena amene anabadwira ku Dowa amawamva ngati mwala. Aliyense ali ndi dzina. Lembani maina pa kapepala, mumate pa jezi.

Chilankhulo sichivuta monga mmene mukuopera. M'Chiswahili mpira ndi mpira womwewo, madzi ndi maji, "twende" ndi tiyeni, "haraka" ndi fulumira. Mawu amodzi okha anatisokoneza. Mtsikana wina ankakuwa kuti "Dada! Dada!" kufuna mpira, ndipo wathu wina wa ku Nkhamenya, amene kwawo amalankhula Chitumbuka, anaima n'kucheuka kufunafuna bambo ake pagulu la oonerera. M'Chiswahili dada ndi mchemwali. Mpira unadutsa, chigoli chinalowa, ndipo mpaka lero dzina lake pa timu ndi Dada.

Zinthu ziwiri musachite. Musafunse mwana kuti anathawa chiyani kapena makolo ake ali kuti. Akafuna adzanena yekha kwa amene wamukhulupirira, ndipo atsikana anu muwauziretu zimenezi m'galimoto. Musajambule n'kuika pa Facebook popanda chilolezo cha iye ndi makolo ake. Pali mabanja amene anathawa anthu enieni, ndipo nkhope ndi dzina pa intaneti zimafika kutali kuposa mmene mukuganizira. Amene wakana chithunzi cha gulu asachite kufotokoza chifukwa.

Ngati m'dera lanu muli mtsikana wothawa kwawo amene akukhala kunja kwa kampu ndi chilolezo, monga wa sukulu yogonera, mulandireni pa timu ngati wina aliyense, osamulengeza. Pa masewera a pasukulu ndi apaubale palibe chovuta. Koma mukafuna kumulembetsa mu mpikisano wovomerezeka ndi FAM, funsani kaye, chifukwa FIFA ili ndi malamulo apadera olembetsera mwana wosakwana zaka 18 amene si nzika ya dzikolo. Kuli bwino kumuuza zoona poyamba kusiyana n'kumuvula jezi tsiku la fainolo timu ina itadandaula.

Atsikana a mbali zonse ziwiri amakonda nkhani ya Nadia Nadim. Anabadwira ku Afghanistan, bambo ake anaphedwa ndi a Taliban, iye ndi amayi ake ndi abale ake anathawira ku Denmark, ndipo mpira anauyambira ali pamalo osungira othawa kwawo. Anasewerera timu ya dziko la Denmark, Manchester City ndi PSG, n'kumalizanso maphunziro a udokotala. Ndimainena nthawi ya chakudya, mwachidule, osaisandutsa ulaliki.

Pa 20 June ndi tsiku lokumbukira othawa kwawo padziko lonse, ndipo ndi nthawi yosavuta kupeza thandizo la ulendo. Koma musanachoke pabwalo gwirizanani tsiku la masewera obwereza. Ana a m'kampu anazolowera alendo obwera kamodzi ndi makamera.

Chomaliza, ndalama ndi kaundula

Komiti ikhale ndi makolo, msungichuma akhale mayi, ndalama iliyonse ilembedwe m'kope limene aliyense angalione. Kadimba ka timu kapena kamunda ka soya ndi mtedza kamagula mipira iwiri ndi kulipira galimoto kamodzi, ndipo makolo akalima nawo amayamba kunena kuti "timu yathu". Andale akabwera ndi bonanza, kawirikawiri amaika mpira wamiyendo wa anyamata ndi ntchemberembaye ya atsikana. Pitani kwa okonzawo msanga, mupemphe gawo la mpira wamiyendo wa atsikana, ndipo lisaikidwe 8 koloko m'mawa kulibe anthu. Majezi landirani, koma ana asasanduke oimba nyimbo za chipani. Kuti mukhale ndi osewera nawo, limbikitsani sukulu ziwiri kapena zitatu za mu zoni yanu ziyambitse matimu nthawi imodzi. Atsikana amatopa kumangokonzekera osapikisana.

Gulani kope lina la kaundula, muziitana maina tsiku lililonse. Amene wajomba kawiri motsatizana musatume mnzake kukafunsa, pitani ndi mayi woyang'anira uja. Wina tinamupeza akusinja, atatisuzumira n'kuthawira m'khitchini. Amayi ake ankaganiza kuti wangotopa nazo. Mayi woyang'anira analowa yekha, n'kutuluka patapita kanthawi: mwanayo anadetsa kabudula pabwalo sabata yapitayo, anyamata awiri anaona n'kuseka. Anyamatawo tinakambirana nawo pamaso pa ahedi, kachikwama kaja tinakasamutsa kuchoka mu ofesi kupita pansi pa mtengo wa mango pamene pamakhala agogo ndi ndowa, ndipo Lachisanu mwanayo anabwera atamanga chitenje, n'kukaima pagolo.